Bokosi la chithandizo choyamba m'boti: kodi n'lokwanira ngozi ikachitikira pakati pa nyanja?

Bambo wina wa ku Lilongwe walemba kuti iye ndi anzake atatu anasonkherana ndalama n'kugula boti la injini lonyamula anthu 8, limene amalisunga ku Senga Bay. Kumapeto kwa sabata amatenga mabanja awo kupita ku chilumba cha Namalenje, ndipo nyanja ikachita bata amafika mpaka ku zilumba za Maleri. Anagula bokosi la chithandizo choyamba m'sitolo ya mankhwala, ndiye akufuna kudziwa ngati bokosilo n'lokwanira, komanso ngati pali chifukwa chenicheni cholipirira maphunziro pamene akuluakulu onse amene amakwera botilo amadziwa kusambira.

Bambo, bokosi limene mwagulalo musalitaye, koma ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti analikonzera munthu amene wadzicheka ndi mpeni kukhitchini, chipatala chili pafupi ndipo galimoto ili pakhomo. Ku Maleri zinthu sizili choncho. Munthu akavulala kumeneko muyenera kumukweza m'boti, kuwoloka naye mpaka kugombe, kumunyamula kukafika pamene mwaimika galimoto, kenako kuyenda makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Senga Bay mpaka kuchipatala cha boma ku Salima, ndipo ulendo wonsewu umadya ola lathunthu kapena kupitirira ngakhale nyanja ili bata. Ubongo wa munthu amene wasiya kupuma umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6, ndipo amene waduka mtsempha waukulu wa pantchafu akhoza kutha magazi m'mphindi zochepa ngati zomwezo. Choncho zimene zimachititsa kuti munthuyo akhale moyo kapena afe zimachitikira m'botimo, m'manja mwa anthu amene ali naye, dokotala asanamuone n'komwe. Mukanandifunsa musanagule kanthu, ndikanakuuzani kuti muyambire maphunziro, bokosi libwere pambuyo.

Za kusambirazo ndiyankha mwamphamvu pang'ono, chifukwa ndi mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa azibambo a m'tauni. Kusambira kumene ambiri a ife timadziwa ndi kwa m'mphepete, pamene munthu wavula zovala, walowa m'madzi mwa kufuna kwake, ndipo akatopa amaponda mchenga. Wogwa m'boti amagwa atavala buluku ndi nsapato, mwina atamenyetsa mutu pachitsulo, mwinanso atamwako mabotolo awiri, ndipo funde limamumenya kumaso asanakoke mpweya wokwanira. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 560, malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo mwera, umene umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umautsa mafunde aakulu m'kanthawi kochepa m'mawa umene unayamba ndi bata. Sitima ya Vipya inali yachitsulo komanso yatsopano, koma mu Julayi 1946 inagudubuzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi ndipo anthu 145 anafa. Boti la anthu 8 silingalimbe kuposa pamenepo.

N'chifukwa chake chida choyamba chopulumutsira moyo m'boti lanu ndi jekete yoyandamitsa munthu, imene ambiri amangoti life jacket, ndipo imagwira ntchito pokhapokha ili pathupi. Jekete imene ili pansi pa mpando, pamwamba pake pali chigubu cha petulo ndi bokosi la zakumwa, simudzaipeza boti likamagudubuzika. Ya mwana ikhale ya msinkhu wake, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, ndipo muiyese pomunyamula mwanayo pogwira mapewa a jeketeyo. Ikakwera n'kumuphimba chibwano ndi makutu, ndiye kuti m'madzi idzamuvuka. Woyendetsa boti asamwe mowa ngakhale pang'ono, ndipo chingwe chofiira chozimitsira injini chija achimange padzanja kapena pamwendo nthawi zonse, chifukwa iye akagwera m'madzi injini ikulira, boti limazungulira lokha n'kubwerera kudzamudula ndi pulopela.

Chinthu choyamba chimene maphunziro abwino amakutsegulani maso ndi maonekedwe a munthu amene akumira. Sakuwa ndipo sakodola anzake, chifukwa mpweya wonse umene akuupeza akuugwiritsa ntchito popuma. Amaima chilili m'madzi, mutu ataupendeketsa chagada, pakamwa pakumira ndi kuvuuka, manja akumenya madzi m'mbali ngati munthu wokwera makwerero osaoneka, ndipo zimenezi zimatenga masekondi 20 mpaka 60 asanalowe pansi. Makolo ambiri amene anataya ana anali pomwepo, akucheza, mwana akumira patsogolo pawo. Ana akamasewera m'madzi amasokosa, choncho mwana akangoti zii, nyamukani mukamuone. Mukaima pachilumba kuti ana asambe, sankhani wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi, wopanda foni ndiponso wopanda botolo m'manja, ndipo muzisinthana pakapita kanthawi, chifukwa akuluakulu 6 akamati onse akuyang'anira, aliyense amakhala akudalira mnzake.

Munthu akagwa m'boti, mmodzi akuwe kuti onse amve, ndipo wina amuloze ndi dzanja osachotsa maso, chifukwa mutu wa munthu pakati pa mafunde umasowa msanga kuposa mmene mungaganizire. Mtima umakuuzani kuti mudumphe, koma womira amagwira chilichonse chimene wachipeza n'kukwerapo, ndipo mwana wa zaka 12 amene wachita mantha akhoza kumiza bambo wamphamvu. Mupatseni nkhafi kuti agwire, kapena muponyereni chingwe chimene kunsonga kwake mwamangako chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Chigubu cha malita 20 chimayandamitsa munthu wamkulu, ndipo n'chida chimene chimapezeka pagombe lililonse. Pomuyandikira yendetsani boti pang'onopang'ono moyang'anana ndi mphepo, ndipo zimitsani injini asanafike pambali pa boti. Kumukweza ndiye ntchito imene anthu amaiona ngati yaing'ono mpaka ataiyesa, chifukwa munthu wa makilogalamu 80 wonyowa, wotopa, wosatha kudzithandiza, amavuta anthu awiri, ndipo onse akaunjikana mbali imodzi boti limapendekeka. Ikani kamakwerero kumbuyo, kapena mangani chingwe chokhala ndi poponda phazi.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Mwamukweza ndipo sakuyankha. Mugonekeni chagada pansi m'botimo pamene pali polimba, ikani dzanja limodzi pachipumi ndi zala ziwiri pansi pa chibwano, pendeketsani mutu kuti njira ya mpweya itseguke, ndipo kwa masekondi osapitirira 10 yang'anani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Kuyasamula kwa apo ndi apo, kokhala ngati kwa chambo chimene changovuulidwa, si kupuma ayi, ndipo anthu ambiri amanyengeka nako n'kumadikira. Apa ndi pamene womira amasiyana ndi munthu amene wagwa ndi matenda a mtima mu ofesi. Wa mtimayo magazi ake amakhala akadali ndi mpweya, kotero kukanikiza pachifuwa kokha kumathandiza pa mphindi zoyambirira. Womira mtima wake umaima chifukwa chakuti mpweya unatha, ndiye mankhwala ake oyamba ndi mpweya umene uli m'mapapo mwanu. Mutsineni mphuno, phimbani pakamwa pake ndi pakamwa panu, ndipo muuzireni mpweya maulendo 5, ulendo uliwonse mukuona chifuwa chikukwera. Kenako ikani chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja linalo pamwamba pake, zigongono zitawongoka, n'kukanikiza maulendo 30 mozama masentimita 5 mpaka 6, pa liwiro la maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi. Muuzireninso mpweya kawiri, bwererani pachifuwa maulendo 30, ndipo pitirizani motero mpaka ayambe kupuma yekha kapena mumupereke kwa achipatala. Kwa mwana gwiritsani dzanja limodzi, kwa khanda zala zazikulu ziwiri, manja atazungulira chifuwa chake, ndipo chifuwa chilowe gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake. Thovu likamatuluka pakamwa musataye nthawi kulipukuta, koma akasanza mutembenuzireni chammbali, chotsani masanziwo, ndipo mubwerere pomwe munasiyira.

Pali mwambo umene uli m'magombe athu onse woti womira azondotsedwe mutu pansi, kapena akanikizidwe pamimba, kuti madzi atuluke. Amene amachita zimenezi amachita ndi mtima wabwino, ndipo madzi amatulukadi, koma amachokera m'mimba osati m'mapapo. Madzi amene alowa m'mapapo nthawi zambiri amakhala ochepa ndipo thupi limawamwa lokha. Chimene chimachitika mukamukanikiza pamimba n'chakuti masanzi amakwera n'kulowa m'njira ya mpweya, ndipo mphindi ziwiri kapena zitatu zimene ubongo umafuna mpweya zimathera pa ntchito yopanda phindu. Enanso amaopa kuika pakamwa pawo pa pakamwa pa munthu wina chifukwa cha matenda. Kachilombo ka HIV sikafala kudzera m'malovu, ndipo pali kachipangizo kapulasitiki kophimba pakamwa ndi mphuno kamene mungagule n'kuika m'bokosi. Koma kumbukiraninso kuti m'boti lanu amene adzagone pansiyo adzakhala mwana wanu, mayi a kunyumba, kapena mnzanu amene munasonkherana naye ndalama.

Ntchito yokanikiza pachifuwa imatopetsa kwambiri, moti pakangotha mphindi ziwiri munthu amayamba kukanikiza mosazama iye osadziwa, n'chifukwa chake pamafunika awiri osinthana. Pa nthawi yomweyo pafunika wina woyendetsa boti kupita kugombe, ndi winanso woimba foni ndi kugwira ana amene akulira. Mukawerenga muona kuti kutumiza munthu mmodzi yekha kumaphunziro n'kosakwanira, makamaka ngati munthuyo ndi woyendetsa yemweyo. Pa mabanja anayi amenewa ndingakonde kuti paulendo uliwonse m'boti mukhale anthu osachepera awiri ophunzitsidwa kuwonjezera pa woyendetsa, ndipo amayi ndi achinyamata a zaka 14 kupita m'tsogolo asasiyidwe, chifukwa m'makalasi amene ndaphunzitsa nthawi zambiri iwowa ndi amene amatsatira malangizo bwino kuposa azibambo.

Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali mutu utapendekeka pang'ono kuti masanzi azitsika okha, muvuleni zonyowa, mupukuteni, ndipo mufunditseni. Madzi a nyanja yathu amamveka ofunda chifukwa pamwamba amakhala pa madigiri 24 kapena kupitirira, koma thupi la munthu lili pa 37, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira maulendo pafupifupi 25 kuposa mpweya. Munthu amene wakhalitsa m'madzi kenako n'kuwombedwa ndi mphepo ya mu Juni amazizidwa mpaka kusokonezeka mutu. Musamupatse mowa poganiza kuti umutenthetsa. Ndipo ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwinobwino, aliyense amene anakomoka m'madzi, amene munamuuzira mpweya, kapena amene akutsokomola kosalekeza ndi kupuma mofulumira, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapapo amene alowa madzi amatha kuyamba kuvuta patapita maola angapo, mpaka 8. Banja limene limanyamuka ku Senga Bay madzulo kulunjika ku Lilongwe mwana akutsokomola pampando wakumbuyo limadutsa Salima, ndipo pamenepo ndi pamene liyenera kuima.

Ngozi yachiwiri imene bokosi lanu silinakonzekere ndi bala la pulopela, limene limakhala mabala angapo akuya ondondozana, kawirikawiri pamwendo. M'bokosi la m'sitolo mumakhala mapulasitala ang'onoang'ono ndi bandeji imodzi kapena ziwiri, zimene pa bala loterolo zimanyowa m'masekondi. Tengani nsalu yoyera, ngakhale thaulo kapena chitenje, ilowetseni m'balamo, ndipo kanikizani ndi mphamvu zanu zonse kwa mphindi zosachepera 10 osasuzumira kuti muone ngati magazi aleka. Nsalu ikanyowa musaichotse, onjezerani ina pamwamba. Magazi akamatumphuka kapena akakana kuleka pamwendo kapena pamkono, mangani chomangira chimene achipatala amati tourniquet masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pabondo kapena pachigongono, ndipo mupotokole mpaka magazi aleke ngakhale wovulalayo akulira, chifukwa chimapwetekadi. Lembani nthawi imene mwamangira pakhungu lake ndipo musamasule mpaka kuchipatala. Mukasowa chogula, pindani chitenje kuti chikhale chotambalala masentimita 5, mangani, lowetsani kamtengo kolimba kapena sipanala n'kupotokola. Chingwe chopyapyala cha nayiloni kapena waya zimadula minofu osaletsa magazi. Pabala musathirepo mchenga, mchere, petulo kapena mowa, ndipo kuchipatala mukakumbutse za katemera wa kafumbata.

Zina zotsalazi ndingozidutsa mwachidule. Wopsa ndi petulo kapena injini muthireni madzi ozizira kwa mphindi 20, ndipo musapake mazira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano, komanso musaboole matuza. Mbedza ikalowa pafupi ndi diso kapena mozama m'dzanja, dulani chingwe chokha, iphimbeni kuti isagwedezeke, akaichotse kuchipatala. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la panyanja limafooketsa ana mwakachetechete, choncho nyamulani madzi akumwa ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti mufuna, ndi mapaketi a Thanzi ORS amene limodzi limasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Munthu akatentha thupi n'kuyamba kulankhula zosamveka, muikeni pamthunzi, muthireni madzi thupi lonse, ndipo nyamukani.

Mukaona zonsezi mudziwa nokha zimene muyenera kuwonjezera. Pafunika nsalu zikuluzikulu za pabala zosachepera 6, mabandeji otambalala angapo, tourniquet yogula imene mwaphunzira kumanga, magolovesi, sizasi yolimba yodulira zovala, kachipangizo kouzirira mpweya, bulangete ndi zitenje zouma, tochi, wezulo pa jekete iliyonse, cholembera chosafufutika, ndi chozimitsira moto chomangirira pafupi ndi woyendetsa. Zonsezi ziikeni m'ndowa yapulasitiki ya chivindikiro chothina, imene imayandama ndipo simalowa madzi, chifukwa bokosi lachitsulo kapena lansalu limachita dzimbiri ndi nkhungu m'nyengo imodzi. Musananyamuke funsani mwaulemu ngati pali wa mphumu, wa shuga kapena wa khunyu, ndipo mankhwala ake akwere naye. Wa khunyu asavule jekete ngakhale pamadzi osaya.

Gawo lina la kukonzeka limachitikira pamtunda. Mverani machenjezo a mwera amene nthambi yoona zanyengo imalengeza pawailesi, ndipo funsani asodzi a pagombe panu, amene amaidziwa nyanja kuposa inu ndi ine. Mukaona iwo akukokera mabwato awo kumtunda, tsiku limenelo muotchere nyama pagombe. Uzani munthu wodalirika kumene mukupita, muli angati, ndi nthawi imene mubwerere, ndipo mumuuzenso zoti achite nthawiyo ikapitirira. Nyamulani mafoni awiri, ya Airtel ndi ya TNM, m'mapepala apulasitiki omanga bwino, chifukwa netiweki ya panyanja imabwera ndi kupita, ndipo musungemo manambala a mwini boti lina la injini, a polisi a dera lanu ndi a chipatala. Pali kanthu kena kamene kamaiwalika: makiyi a galimoto. Ndinalandirapo wovulala amene anachedwa pagombe nthawi yaitali chifukwa makiyi anali m'thumba la buluku la munthu amene anagwera m'madzi, ndipo anatsalira pansi pa nyanja. Siyani makiyi kwa munthu wa pamtunda uja, galimoto itayang'ana kumsewu ndipo muli mafuta.

Za kumene mungaphunzire, bungwe la Malawi Red Cross Society komanso la St John amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo mabanja anayi ndi gulu lokwanira kupempha kalasi yanuyanu ya tsiku limodzi kapena awiri. Musanalipire aliyense, funsani ngati ali ndi zidole zoyesererapo, cha munthu wamkulu ndi cha mwana, ngati aliyense adzagwada n'kukanikiza yekha mpaka kutuluka thukuta, komanso ngati adzaphunzitsa za womira ndi za kuletsa magazi. Kalasi imene mumangokhala pampando kuonera zithunzi n'kulandira satifiketi musailipire. Dziwaninso kuti luso limeneli limazilala pakangotha miyezi yochepa ngati simukuligwiritsa ntchito, choncho muzibwereza chaka chilichonse ngakhale satifiketi isanathe. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo chaka chomwecho United Nations inakhazikitsa 25 Julayi kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Kwa ife tsikuli limagwa mkati mwa mwera, ndiye kubwereza kwanu kuzichitika mu Epulo, mphepoyo isanayambe.

Maphunziro a m'kalasi satha kukuonetsani mmene boti lanu lilili, ndiye mukamaliza muchite mayeso anuanu m'mawa wa bata pafupi ndi gombe. Boti likuyenda, ponyani chigubu m'madzi osachenjeza aliyense, kuwani kuti munthu wagwa, ndipo yang'anani wotchi mpaka chigubucho chitakwezedwa. Ulendo woyamba pafupifupi gulu lililonse limene ndayesa nalo limasokonezeka: woloza amatembenuka kuti alankhule n'kutaya chigubu, chingwe chimapezeka chitapiringizika pansi pa nangula, woyendetsa amafika mothamanga n'kuchipitirira. Bwerezani mpaka aliyense adziwe malo ake. Kenako yesani kugoneka munthu wamkulu pansi m'botimo, muone ngati pali malo oti wina agwade pambali pake, ndipo ngati palibe, sinthani kaikidwe ka katundu. Pomaliza, bambo, inuyo amene mumayendetsa khalani pansi, tsekani pakamwa ngati kuti ndinu amene mwakomoka, ndipo mayi a kunyumba kapena mwana wanu wamkulu alize injini, atembenuze boti, aimbe foni, n'kukafikitsa aliyense pagombe la Senga Bay popanda inu kulankhulapo ngakhale liwu limodzi. Akalephera kuliza injiniyo, muwaphunzitse tsiku lomwelo, ndipo ulendo wa ku Maleri udikire mpaka atatha.